Tsiku Limene Ndinanenerera Msonkho wa Galimoto

Kunyumba kwanga ku Chirimba kuli galaja yokongola, ya geti lachitsulo lobiriwira, koma mukadzafika chonde musadzafunse kuti galimoto ili kuti. Mmenemo mumagona matumba a makala ndi njinga yakufa ya mlamu wanga. Nkhaniyi ndakhala ndikuibisa ngati chithupsa cha pamalo osaonetsa, koma poti a Chirimba onse akuidziwa kale, ndipo aliyense amaikamba atathira mchere wake, ndaona kuti bola ndiinene ndekha.

Unyamata wanga wonse mpaka imvi ndinathera ku Limbe, pa sitolo ina yaikulu ya amwenye yopikulitsa katundu. Ntchito yanga inali yogula: shuga, sopo, zitenje, chilichonse. Bwana wamkulu, mdala wa ndevu zoyera yemwe anatisiya kale, anandiphunzitsa chinthu chimodzi chimene ndinachiloweza ngati vesi. Ankati mtengo woyamba si mtengo, ndi moni chabe. Wogulitsa akakakamira usakangane naye. Dzuka, tsanzika mwaulemu, uyende pang'onopang'ono kulowera kukhomo, ndipo usanaponde msewu akuitana yekha kuti, “Achimwene, tabwerani kaye tikambirane.” Njira imeneyi inali isanandigwiritsepo mwala. Ndagula nayo malata, mbuzi, mipando ya sofa, ngakhale bokosi la maliro a malume anga (Mulungu andikhululukire, koma anatsitsa).

Chaka chomwe ndinapuma pantchito ndi chomwenso mwana wanga woyamba, Tadala, anapeza banja. Ndinalandira ndalama za penshoni, ndikugulitsanso malo anga a ku Lunzu, ndipo mumtima munalowa chiwanda cha galimoto. Osati zobwera pa sitima zija zoti wina anakhalira kale mpaka mpando kulowa pansi, ayi. Ndinkafuna yanyuwani, ya m'pepala, yoti munthu woyamba kuyetsemulamo ndikhale ine.

Ndiye kunali msonkhano wa komiti ya ukwati ku Soche, kunyumba kwa asewele anga, a Makwinja, bambo ake a mkamwini. Titafika pa nkhani ya mayendedwe, a Makwinja anati modzichepetsa, “Ya akwati isativute, kagalimoto kathu kaja kangathandize. N'kakale ndithu koma kamayenda.”

Ndikanangoomba m'manja ngati anzanga onse, lero sindikanalemba izi. Koma ndinaimirira, n'kukonza jekete, n'kukhosomola.

“Asewele, zikomo kwambiri, koma kanuko kapume. Mwana wanga akakwera galimoto ya bambo ake, yatsopano, yoti sinapondepo thope la mu Blantyre muno.”

Nthungululu zinalira mpaka agalu a m'Soche anayankha. Amake Tadala, mkazi wanga, anandikoka jekete chakumbuyo n'kunong'oneza kuti, “Linda madzi apite ndiye uziti ndadala.” Ine ndinawayang'ana ndi diso lija lakuti za miyambi tikakamba kunyumba.

M'mawa mwake ndinali pamalo ena ogulitsira galimoto zatsopano, mumsewu waukulu wa pakati pa Limbe ndi tawuni, aja a magalasi okhaokha. Anandilandira mayi wina wachitsikana wovala suti, waulemu wake, n'kundipatsa tiyi m'kapu ya mbale yake pansi. Anandionetsa kagalimoto ka mtundu wa maruni. Abale, fungo la m'kati muja! Ndinakhala pa mpando wa dalaivala, mapulasitiki akulira pansi panga, ndipo nzeru zonse za ku Limbe zinatulukira pawindo.

Chilungamo ndinene, mayiyo sanandibise kanthu. Ananena momveka kuti mtengo umene watchulawo ndi wa galimoto yokha, kuti galimotoyo boma likuiona ngati sinalowe m'dziko mpaka msonkho utalipiridwa, ndiponso kuti pali tina ndi tina tobwera pamwamba. Ndinamva ndithu ndi makutu anga awiriwa. Koma mumtima ndinangoseka kuti, ehe, wayamba moni uja. Tina ndi tinato tidzatigwetsa tsiku lotenga. Ndinapereka dipoziti, ndipo dipoziti yakeyo inali pafupifupi chikwama chonse (chiwerengero sinditchula, ana anga amawerenga zinthuzi).

Nditabwerera kukatenga galimoto ndinavala suti ya ku tchalitchi, m'thumba ndili ndi tindalama tochepa tomalizira nkhani. Mayi uja anatembenuzira kompyuta kwa ine n'kuyamba.

“Choyamba, bambo, pali msonkho wolowetsera galimoto m'dziko.”

“Chabwino.”

“Kenako pali wina wotengera kukula kwa injini.”

“Kainjini kameneka? Kangati ka chigayo cha mtedza?”

“Eya, bambo, nako kali ndi gawo lake. Ndiye vati, msonkho wa pa zogula uja, imabwera pamwamba pa zonsezi, mtengo ndi misonkho iwiri ija pamodzi.”

Ndinaika kapu pansi. “Tadikirani kaye mayi. Mukutanthauza kuti msonkho nawonso ukukhoma msonkho?”

“Ndi mmene zimakhalira, bambo.”

Sanathere pomwepo. Panali ndalama yolembetsera galimoto ku boma, ya nambala ya kutsogolo ndi kumbuyo, ya inshulansi, ya munthu wokayendetsa mapepala ku ofesi ya msonkho, ndi ina yoti ndi yoikonzekeretsa kuti ituluke, kuiunika ndi kuitsuka. Ndinafunsa kuti galimoto yatsopano ikutsukidwa chiyani, yagwira ntchito yanji? Mayiyo anangomwetulira. Ngakhale timakapeti topondapo tinali ndi mtengo wake. Nditafunsa za basera, poti munthu wogula chinthu chachikulu chonchi sangachoke opanda basera, anatsegula kabati n'kundipatsa chipewa.

Zonse pamodzi zinali ngati ndikugula kagalimoto kachiwiri, koma kosaoneka. Komabe ndinadzilimbitsa kuti, iwe, apa ndiye pamunda pako.

“Mayi,” ndinatero motsitsa mawu, “tisatayitsane nthawi. Msonkhowo tiudule pakati, zotsukazo muchotse, ndikatsuka ndekha ku Chirimba. Tigwirane chanza.”

“Bambo, msonkho si wathu. Ndi wa boma. Ife timangopititsa.”

“Aliyense amatero, mwanangu. Ife ku Limbe tinkati bwana sanalole.”

“Sindingathe kuchotsa ngakhale tambala, bambo.”

Basi, nthawi inakwana. Ndinadzuka, n'kumanga batani la jekete, n'kunena mawu anga aja amene agwetsa mitengo kuyambira ku Limbe mpaka ku Lunzu: “Chabwino, zikomo, tikaone kwina.” Ndinayamba kuyenda pang'onopang'ono, khutu lili kumbuyo. Luso lonse la njirayi lili pachitseko. Umagwira chogwirira, n'kuima pang'ono ngati waiwala kanthu, ndipo apo ndi pamene wogulitsa amasweka mtima. Koma chitseko cha kumeneko chinalibe chogwirira. Chitangondiona chinatseguka chokha, mwachangu, ngati chinkandidikira.

Ndinapezeka ndili panja padzuwa. Ndinawerama kuti ndimange zingwe za nsapato, n'kupeza kuti ndavala zopanda zingwe. Ndinapukuta magalasi a m'maso. Ndinawerenga chikwangwani cha malo oimika galimoto mpaka kumapeto. Mlonda wa pageti anandimenyera sawasha n'kuti, “Muyende bwino, bwana.” Nditasuzumira pagalasi, mayi uja anali akuthirira tiyi munthu wina.

Munthu wanzeru akanabwerera pomwepo. Nthawi imeneyo, ndikanakokera apa ndi apo, kugulitsa ng'ombe ziwiri za kumudzi, msonkhowo ukanatheka movutikira. Koma ine ndinati awa ndi akuluakulu, sangathamangire munthu pamsewu ngati ogulitsa kaunjika. Aimba foni.

Ndinapita kunyumba kukadikira. Podikirapo ndinamanga galaja ija, ndi tindalama tomwe tija tomalizira nkhani. Foni ndinkapita nayo ngakhale kubafa, nditaikulunga m'jumbo. Amake Tadala akafunsa, yankho linali limodzi: “Akumalizitsa mapepala.” Tadala naye, mwana wokhulupirira bambo ake, anandifunsa mtundu wa galimoto, ndipo nditamuuza anasintha mitundu yonse ya ukwati. Madiresi a operekeza, mataye a anyamata, maliboni, nsalu za mu holo, ngakhale maluwa a pa keke, zonse maruni. Ankauza anzake kuntchito kuti, “Adadi anagula galimoto chifukwa cha ine.”

Ndipo foni inaliradi! Mayi uja.

“Bambo, ndimati ndikukumbutseni kuti galimoto yanu ikudikirabe. Ndi bwino mutalipira msanga, zinthu sizikuoneka bwino.”

Mtima wanga unavina. Ndinati afewa, ayamba kundiopseza, chatsala n'kutsitsa basi. Ndinayankha mozizira ngati munthu wa galimoto zisanu kuti, “Ndikuganizabe, mayi. Kwina andipatsa mtengo wabwino.” N'kudula foni ndekha. Tsiku limenelo ndinadya bwino kwambiri.

Sipanapite nthawi, m'mawa wina ndikumeta ndevu, wailesi inalengeza kuti kwacha yagwa. Ndinamvera chisoni anthu a mabizinesi, n'kupitiriza kumeta. Ndinkati ine sizikundikhudza, ndinalipira kale. Koma madzulo ake foni inali chete, mawa lakenso chete. Ndinavala suti ija n'kukwera minibasi.

Ulendo uno tiyi sanabwere. Mayiyo anandifotokozera mwachifundo (chifundo chakecho ndi chimene chinandipweteka kwambiri) kuti msonkho amawerengera pa mtengo wa galimoto m'madola, pa tsiku limene ukulipira, osati tsiku limene unanunkhiza mipando. Kwacha ikagwa, msonkho wolowetsera umakwera, wa injini umakwera, ndipo vati, poti imakhala pamsana pa anzake, imakwera kuposa onse. Kachigawo ka mtengo kamene kanatsala nako kanafufuma.

“Ndiye pali iyi yatsopano,” anatero, “yosungira.”

“Yosungira chiyani?”

“Galimoto yanu, bambo. Masabata onsewa yakhala pamalo athu.”

Mayo ine! Ndiye kuti nthawi yonse imene ndinkagona ndi foni pamtsamiro, kudikira kuti atsitse, ndinali kulipira lendi ya galimoto yoti sindinayendetsepo. Ng'ombe ziwiri zija tsopano sizikanakwanira ngakhale vati yokha.

Apa ulemu wonse ndinauvula ngati jekete. Ndinapempha. Ndinatchula zaka zanga, shuga wanga, ukwati wa mwana. Mapeto ake ndinanena mawu amene mpaka lero ndikawakumbuka ndimadzitsina: “Mayi, ndibwerekeni Loweruka lokhalo. Ndiyala nyuzipepala pansi, palibe adyeremo kanthu, madzulo ndibweza.” Anandiuza kuti galimoto yosalipira msonkho, yopanda nambala, singatuluke ngakhale kukafika pageti. Ndinapitanso ku ofesi ya msonkho, kuima pamzere kuyambira m'mawa, kutumizidwa windo ili ndi ilo, mpaka ndinapeza bambo wina wa mimba yake amene anandimvetsera bwinobwino mpaka kumapeto, n'kundiyankha kuti, “Akulu, kuno si kumsika.”

(Dipoziti ija anadzandibwezera patapita miyezi, atadula yosungira, ya mapepala, ndi ina yoti ndi ya kusintha maganizo, ngati kuti maganizo ndinasintha ndine. Yotsalayo, m'kwacha yakugwa ija, sikanagula ngakhale zobwera pa sitima zomwe ndinkazinyoza.)

Kunyumba ndinapitiriza nyimbo ya mapepala mpaka sabata ya ukwati. Lachitatu amake Tadala anatseka chitseko cha kuchipinda, n'kuima patsogolo pake manja ali m'chiuno.

“Bambo a Tadala, ndiyang'aneni. Galimoto ilipo kapena palibe?”

“Ilipo, kungoti...”

“Ibwera Loweruka?”

Ndinayang'ana denga. Sanakuwe, sanalire. Anangotsegula kabati, n'kutulutsa nsapato zanga, n'kuti, “Valani. Mukupita ku Soche.”

Msewu wa ku Soche sunanditalikirepo chonchija. A Makwinja anandimvetsera mutu uli pansi, osaseka ngakhale pang'ono, munthu wa Mulungu. Kenako anapuma mozama.

“Asewele, mukanabwera sabata yatha. Mutanena kuti kapume, ife tinakatumiza ku Mulanje kukatenga azakhali, ndipo kafera konko, injini ili pansi.”

Tinaimba mafoni tsiku lonse. Loweruka la kumapeto kwa mwezi, nyengo ya maukwati, galimoto iliyonse yooneka bwino mu Blantyre inali ndi mkwatibwi wake kale, ndipo zotsalazo mitengo yake inali itatsatira kwacha. Mkwati ndi anyamata ake anali oti adzapanikizana m'kagalimoto ka mnzake. Chomwe chinapezeka cha mkwatibwi ndi operekeza chinali minibasi ya mphwake wa a Makwinja, yoyenda Chirimba ndi tawuni, dalaivala wake Che Jafali a ku Mbayani.

Nditabwerera kunyumba amake Tadala anati, “Mwana ndimuuze ine kapena mumuuza nokha?” Ndinati ndimuuza ndekha, ndine bambo. Lachinayi ndinamupeza akuyesa velo pagalasi, akuseka ndi anzake, ndinabwerera pakhomo. Lachisanu anandikumbatira n'kuti, “Adadi, mawa muyendetse pang'onopang'ono, anthu a m'Chirimba aone bwino.” Ndinati chabwino, mwanangu. Ndi zomwe ndinanena, abale. Chabwino mwanangu.

Loweruka m'mawa bwalo linadzaza. Tadala anatuluka m'nyumba atavala zoyera, operekeza ake a maruni ali pambuyo, amayi akuimba, ndipo maso onse analoza ku geti lobiriwira la galaja. Wojambula anagwada kutsogolo kwake kudikira kuti litseguke. Nthawi yomweyo kumsewu kunamveka kulira kwa injini yachifuwa, ndipo minibasi inalowa chambuyo, maliboni a maruni akulendewera pa magalasi ake. Che Jafali, kunena zoona, anayesetsa. Anaitsuka mpaka matayala, anayala zitenje pa mipando, iwo atavala mkanjo woyera ndi kofia yatsopano. Koma minibasi ndi minibasi. Chitseko chake chinali chomangira chingwe.

Nyimbo inazima pang'onopang'ono, mayi mmodzi yekha wosaona bwino ndi amene anapitiriza. Tadala anayang'ana minibasi, anayang'ana galaja, kenako anayang'ana ine. Anakweza diresi ndi manja onse awiri n'kukwera.

Ine ndinakhala kutsogolo ndi Che Jafali, khosi louma ngati mtengo, osayerekeza kucheuka. Iwo ankayesa kundilimbitsa mtima kuti, “Osadandaula bambo, iyi sinagonepo panjira chaka chino.” Koma phazi la munthu lili ndi chizolowezi chake. Pa siteji iliyonse linkapita lokha pa buleki, iwo n'kudzidzimuka, “Aa, pepani,” n'kupondanso moto.

Pa Mbayani ndiye panagwa tsoka lenileni. Panali mzere wa galimoto, tinaima, ndipo oitanira ataiona minibasi yawo ya masiku onse anaithamangira. “Tawuni iyo! Tawuni awiri, yodzadza kale!” Wina anamasula chingwe, chitseko n'kutseguka, ndipo tisanakuwe n'komwe mayi wina wonenepa anali atakwera ndi beseni la mandasi, n'kudzipanikiza pambali pa mkwatibwi. Anakhazikika, anaika beseni pamiyendo, kenako anatembenuka n'kuona velo.

“Iii! Ndi ukwati? Pepani ana anga, koma poti ndakwera kale, munditsitse pa msika.”

Operekeza anaphulika kuseka, ena mpaka misozi. Pamwamba pa izo woitanira uja anagwira galasi la Che Jafali kuti minibasi sichoka asanalandire yake yoitanira. Ndinatulutsa ndalama n'kumupatsa momwe ananenera. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga sindinanenerere.

Pa tchalitchi tinapeza anthu atandanda panja, ena atakweza mafoni kudikira galimoto ya m'pepala imene ndinailengeza ku Soche. Ndinatsika, n'kuzungulira, n'kumupatsa mwana wanga dzanja. Akutsika ndinaona kuti m'mbali mwa diresi muli mzere wakuda wa girisi wa pachitseko, ndi kadontho ka mafuta a mandasi pabondo. Ndinatulutsa mpango n'kugwada pansi pomwepo, pamaso pa anthu onse, kuyamba kupukuta.

“Adadi, siyani. Mukungoipaka.”

Ndinadzuka. Kuseri kwa velo maso ake anali ofiira, ndipo sanali a kuseka kuja.

“Mwanangu, msonkho...”

“Za galimoto sizikundiwawa, adadi,” anatero motsitsa kuti ena asamve. “Ndikanakwera ngakhale kabaza. Koma dzulo nditakupemphani, munati chabwino. Mukanangondiuza.”

Anandigwira mkono, limba linayamba kulira, ndipo tinalowa. Kanjira ka pakati pa mabenchi kaja ndinakayenda ngati ndikupita kukaweruzidwa, mwana wanga akuyenda mowongoka pambali panga, akumwetulira anthu onse kupatula ine.

Anzanga a pa bawo akandiseka amati phunziro lake n'lakuti boma salinenerera. Zimenezo n'zoona, ndipo ndazilipira mokwanira. Koma ndalama zinapita, ndinazolowera, malo a ku Lunzu ndinaiwala. Chomwe sindinazolowere ndi ichi: Tadala amabwera kudzationa, amandigulira mankhwala a shuga, timaseka bwinobwino. Koma ndikamuuza kanthu, ngakhale kakang'ono, kuti mawa ndibwera kapena kuti kuchipatala anati ndili bwino, amandimvetsera mpaka kumapeto mwaulemu wake wonse, kenako amatembenukira kwa amayi ake n'kufunsa kuti, “Amama, n'zoona?”